Masewero 14 a Benjani opanda chigoli: kwa inu amene mwangofika kumene ku Mangalande

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, mnyamata wina amene wangotha miyezi itatu kuno anandikokera pambali, kapu ya tiyi ili m'manja. Anati, "Ankolo, ndikuona ngati ndinalakwitsa kubwera." Nditamufunsa chimene chavuta, panalibe chachikulu. Ntchito ali nayo, pogona ali napo. Koma azungu akamalankhula mothamanga iye amangomva phokoso, bwana wake wamubweza kawiri pa kalembedwe ka malipoti, ndipo kumudzi ayamba kale kufunsa kuti njerwa aumba liti. Ngakhale tinali pakhomo pa tchalitchi sindinamutsegulire vesi. Ndinamufunsa ngati Benjani amamudziwa. Anati, "Uja anachinya Manchester United?" Eetu, chigoli chimenecho aliyense amachikumbukira. Ine ndimakumbukira masewero 14 amene anasewera asanachinye n'kamodzi komwe, chifukwa nthawi imeneyo ndinali mumzinda womwewo wa Portsmouth, nanenso ndili pachilala changa.

Kwa inu amene munali makanda, munthuyu ndi wathu ndithu, ngakhale sanavalepo malaya a Flames. Benjani Mwaruwari anabadwira ku Bulawayo mu 1978, koma makolo ake kwawo ndi ku Malawi, m'gulu lija la anthu athu amene anatsikira ku Rhodesia kukasaka ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale, ena n'kutchona komweko. Dzina lokha likuulula. Amene anakhalako ku Karonga akamva dzina loyamba ndi Mwa- safunsanso kumene mtunduwo unachokera. Ndipo Benjani weniweniyo ndi Mpenjani, kuchokera ku mawu akumpoto akuti kupenja, kufunafuna. Pakamwa pa anthu a dziko la eni dzinalo linapindika, mpaka dziko lonse lapansi linamudziwa ndi lopindikalo.

Apa ndiimepo kaye, chifukwa nkhani ya maina kuno si yoseka nayo. Kwathu l ndi r ndi mapasa: lero ulemba Malita, mawa Marita, aphunzitsi amachonga zonse. Kompyuta ya kuno sidziwa chibale chimenecho. Ine pasipoti yanga inali ndi r, kalata ya kuntchito analemba ndi l motsatira satifiketi yanga ya MSCE, ndipo banki ina inakana kunditsegulira akaunti. Ndinayenda ndi cheke cha malipiro m'thumba pafupifupi mwezi wathunthu, ndikudya buledi ndi tiyi. Ndiye tengani pasipoti yanu, onani mmene dzina lalembedwera, chilembo ndi chilembo, ndipo likhale lomwelo pa eVisa (viza ya pa intaneti), pa National Insurance (nambala yanu ya msonkho wa pantchito), kubanki, kwa GP (dokotala wa m'dera lanu) ndi pa payslip (pepala la malipiro). Pakapezeka cholakwika konzetsani sabata yomweyo. Azungu akamakutchulani mopotoka asiyeni, lilime ndi lawo. Koma papepala musalole.

Ulendo wa Benjani sunali wodumpha kamodzi. Anadutsa ku Lulu Rovers ya ku Chegutu ndi ku Air Zimbabwe Jets, kenako mu 1999 Jomo Sono anamutengera ku Jomo Cosmos ya ku Joni. Khomo limenelo ambiri a ife timalidziwa: Esau Kanyenda anatulukira pomwepo popita ku Rostov ku Russia, Russell Mwafulirwa nayenso anadutsa pomwepo, Christopher Katongo wa ku Zambia chimodzimodzi. Ku Joni ankamutcha Undertaker, ndipo mu 2001 anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa ligi yonse. Kuchoka apo anabwerekedwa ku Grasshoppers ya ku Zürich, mzinda wozizira wa ku Switzerland komwe amalankhula Chijeremani, ndipo mu 2002 Guy Roux anamutengera ku Auxerre ku France. Auxerre ndi katauni kakang'ono ka pakati pa minda ya mphesa, anthu ake osafika ngakhale 40,000, ndipo nkhalamba Roux inakhala ikuphunzitsa timu imeneyo pafupifupi mosalekeza kuyambira 1961. Taganizani mnyamata wa ku Bulawayo, katswiri wa ligi yonse ya South Africa, akufika malo oti ngakhale kugula mchere kukufuna Chifalansa, n'kupeza kuti pamalo pake pali kale Djibril Cissé. Anadikira zaka ziwiri. Cissé atapita ku Liverpool mu 2004 m'pamene mpata unatseguka bwino, ndipo mu Juni 2005, pa Stade de France, Benjani ndiye anachinya chigoli choyamba mu fainolo ya Coupe de France pamene Auxerre inagonjetsa Sedan 2-1. Bonaventure Kalou anamaliza ntchito m'mphindi zomalizira. Amenewo anali masewero otsiriza a Roux. Atalowa Jacques Santini, Benjani anayambanso kuoneka pabenchi.

Mu Januwale 2006 Harry Redknapp, kochi wa Portsmouth, anamugula ndi mapaundi 4.1 miliyoni, ndalama imene Portsmouth inali isanatulutsepo pa wosewera aliyense. Amene anamutsina khutu Redknapp za mnyamatayu anali Arsène Wenger wa Arsenal. Timu inali m'madzi, kumunsi kwa ligi, ikufuna zigoli monga mmene munda wa mu Febuluwale umafunira mvula. Ine nthawiyo ndinali nditatha chaka ndi miyezi, usiku ndikusamalira okalamba, m'mawa ndikukolopa m'maofesi, ndikugona m'kachipinda ka ku Fratton, pafupi ndi Fratton Park, bwalo la Portsmouth, komwe Loweruka phokoso la pabwalo ndi belu la sapota wina wotchuka zinkalowera pawindo. Ya tikiti ndinalibe. Mpira ndinkauonera m'pabu, botolo limodzi la Coca-Cola ndikulinyengerera mphindi 90.

Masewero oyamba, palibe. Achiwiri, palibe. Anapita ku Egypt ndi timu ya dziko lake n'kubwerako, palibe. Febuluwale anatha, Malichi anatha. Ankaphonya zigoli zina zoti ngakhale agogo anga akanakankhira muukonde ndi ndodo yawo. Anzanga a kuntchito, podziwa kuti ndine wa chigawo chomwecho cha Africa, Lolemba lililonse ankandifunsa kuti m'bale wanga uja achinya liti, ngati kuti ndine ndinamusainitsa. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa, chifukwa nane kwathu anali atandiperekeza ngati wokachinya zigoli. Mayi anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti tikiti ikwane. Chaka chinatha ndisanatumize chooneka.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pa Fratton Park sanamuwowoze. Kwathu wosewera wodula chonchi akatha masewero asanu osachinya, masapota amamudikirira pageti. Kuno ankamuombera m'manja, mpaka anamupekera nyimbo yonena kuti wachokera ku Zimbabwe ndipo lero achinya. Poyamba ndinkayesa akumunyogodola. Nditaonetsetsa ndinamvetsa. Munthuyo ankathamanga. Ankathamangitsa otchinga kumbuyo, ankathamangitsa goloboyi, ankathamangira mipira yoti wina aliyense wataya kale mtima kuti yatuluka. Mphindi ya 88 ankathamanga ngati mphindi yoyamba. Portsmouth ndi mzinda wa padoko, wa anthu amene makolo awo ankakonza sitima zankhondo, ndipo anthu otere munthu wokhetsa thukuta amamuona msanga ngakhale zinthu zisakumuyendera.

Miyezi yanu yoyamba idzakhala yotero. Digiri yanu ya ku Chancellor College kapena zaka khumi za uphunzitsi ku Mzimba sizidzaoneka pamene mukusintha zofunda za nkhalamba imene ikukutukwanani chifukwa mutu wake sukugwiranso. Chingerezi chimene munkakhoza nacho mayeso chidzakuthawani mukakumana ndi cha ku Glasgow kapena cha ku Newcastle. Pakati pa Disembala dzuwa lizilowa cha m'ma 4 koloko masana, inu mukungodzuka kumene kuchokera ku shifiti ya usiku, ndipo mudzatha sabata osaliona. Mtima umalemera, thupi limafooka. Si ufiti umenewo, musathamangire kuimbira foni kumudzi. Achipatala a kuno amalangiza kumwa vitamin D, makamaka ife akhungu lakuda, ndipo kulembetsa kwa GP n'kwaulere. Lembetsani musanadwale. Zimenezi simungazisinthe. Zimene zili m'manja mwanu ndi zing'onozing'ono zomwe bwana amaziona tsiku ndi tsiku pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyeserera ija: kufika nthawi isanakwane, kulemba lipoti la wodwala nthawi yomweyo osati pomaliza shifiti, kufunsa pamene simunamve m'malo mongogwedeza mutu. Kugwedeza mutu mwaulemu kwathu kuja kwachotsetsa anthu ntchito kuno. Mzungu ukavomera amayesa wamva. Paja safunsa anadya phula, ndipo phula la kuno ndi mankhwala operekedwa kwa munthu wolakwika.

Komatu musandimve molakwa. Benjani ankathamanga ali ndi kontirakiti m'thumba ndipo malipiro ake ankalowa okwana. Kulimbikira sikutanthauza kukhala chopondera. Ndaona achemwali athu ena akugwira maola 70 pa sabata mosadandaula, akuopa kuti akatsegula pakamwa sponsor, kampani imene inawaimira pa viza ya ntchito, awachotsera vizayo. Dziwani izi. Bwana alibe mphamvu yosunga pasipoti yanu. Malamulo a kuno salola ejenti kukulipiritsani chifukwa chokupezerani ntchito, ndiye amene anakutchajani mapaundi masauzande pa kalata ya sponsor anakuberani, ngakhale mumapemphera naye mpingo umodzi. Ngati mumayendera odwala m'makomo mwawo, nthawi imene mumatha panjira kuchoka kwa wodwala wina kupita kwa wina imawerengedwa poona ngati mukulandira malipiro ochepetsetsa ovomerezeka. Sungani payslip iliyonse, lembani maola anu m'kabuku kanu. Lowani yuniyoni, kaya UNISON kaya GMB, mavuto asanabwere, chifukwa kawirikawiri sathandiza pa mlandu umene unayamba musanalowe. Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu pa nkhani ngati zimenezi, silipiritsa.

Chigoli chinabwera pa 29 Epulo 2006 ku Wigan, pa masewero ake a nambala 15. Portsmouth inali kumbuyo 1-0, Henri Camara atachinya. Matt Taylor anawomba, mpira unamenya chitsulo n'kubwerera, ndipo amene anali pomwepo kuugunda ndi mutu anali yemwe uja wothamangira mipira yotayika. Posakhalitsa anagundanso wina ndi mutu, Gary Teale anautchinga ndi dzanja, anamupatsa kadi yofiira, Taylor anachinya penate. 2-1. Birmingham italepherana ndi Newcastle tsiku lomwelo, Portsmouth inapulumuka. M'pabu muja mzungu wina wandevu amene anali asanandipatsepo moni miyezi yonseyo anandinyamula m'mwamba ngati thumba la chimanga. Ndinapita ku shifiti usiku umenewo malaya akununkha mowa umene sindinamwe.

M'timu yomweyo chaka chomwecho munali mnyamata wina wa chigawo chathu amene nkhani yake ndimaiganizira kwambiri, Collins Mbesuma wa ku Zambia. Iyeyu anafika mu Ogasiti 2005 atachinya zigoli 25 mu ligi ya South Africa ndi Kaizer Chiefs, chiwerengero chimene chinadabwitsa aliyense. Pa luso lakuchinya, ine ndimati ankamuposa Benjani. Koma anadumpha kamodzi kuchoka ku Joni kufika mu Premier League, osapumira pena monga anachitira mnzake ku Zürich ndi ku Auxerre, ndipo kochi amene anamupeza, Alain Perrin, anachotsedwa mu Novembala. Mu ligi analowa kanayi kokha, konseko kuchokera pabenchi. Anamubwereketsa ku Marítimo ku Portugal, kenako anapita ku Bursaspor ku Turkey, n'kubwerera ku South Africa. Anthu ankati walephera. Mu 2012 anali m'timu ya Chipolopolo imene inatenga chikho cha Africa ku Libreville, chikho chimene Benjani sanachikhudzepo. Ndimamutchula chifukwa si aliyense amene chigoli chake cha ku Wigan chimabwera, ndipo ndingakhale wabodza nditakulonjezani. Ena dziko lino limawakana, n'kukachita bwino kwina. Ndimamutchulanso chifukwa cha Perrin. Manijala amene anakulandirani ndi manja awiri akhoza kuchoka mwezi wamawa, kampani ikhoza kulandidwa chilolezo cholembera alendo, ndipo Home Office, unduna woona za maviza, ikakulemberani kalata nthawi zambiri imakupatsani masiku 60 oti mupeze sponsor wina. Masiku 60 ndi ochepa kwa munthu amene sadziwa aliyense kunja kwa kampani yake. Dziwanani ndi anthu a m'makampani ena mudakali pamtendere. Ndipo musayambe ntchito kwa sponsor watsopano viza yatsopano isanatuluke, ngakhale akukakamizeni chotani.

Chaka chabwino cha Benjani chinadza mochedwa, ali ndi zaka 29. Pa 29 Sepitembala 2007 Portsmouth inagonjetsa Reading 7-4, zigoli 11 m'masewero amodzi, iye atachinya zitatu. Mu Januwale anachinyanso zitatu pa Derby. Akachinya ankathamangira kwa masapota n'kumawaloza ndi chala, ana a ku Fratton n'kumatengera m'misewu. Pofika kumapeto kwa mweziwo anali ndi zigoli 12 mu ligi. Ndiye pamenepo, pamene zinthu zinayamba kukoma, timu inamugulitsa. Redknapp ankafuna Jermain Defoe wa ku Tottenham, ndipo ndalama yake inayenera kuchokera penapake. Sindinena kuti Redknapp anali woipa mtima. Ntchito yake inali imeneyo. Koma inu amene mumati "bwana wanga amanditenga ngati mwana wake", kumbukirani kuti kuno chikondi cha kuntchito chimathera pa bajeti.

Tsiku lomaliza logulitsana osewera, pa 31 Januwale 2008, ndi limene anthu amaseka nalo mpaka lero. Ankayenera kukwera ndege ku Southampton kupita ku Manchester, ulendo wa ola limodzi. Ndege ziwiri zinamusiya. Manyuzipepala analemba kuti anagona tulo pabwalo la ndege. Anakafika ku Manchester City usiku kwambiri, nthawi yotsekera ili pafupi, mapepala osakwana, ndipo zinatenga mpaka pa 5 Febuluwale kuti akuluakulu a ligi avomereze. Madokotala atamuyeza anadandaula ndi bondo lake, mtengo n'kusintha: City inapereka mapaundi 3.87 miliyoni poyamba, yotsalayo kudalira masewero amene adzasewere. Iye anali ndi maloya ndi makalabu awiri omumenyera nkhondo kuti kuchedwako kukhululukidwe. Inu mulibe. Tsiku lothera viza yanu likhale lolembedwa pakhoma, ndipo pempho latsopano lilowe tsikulo lisanafike, osati mawa lake. Kalata ya boma ya muenvulopu ya bulauni ikafika musaiike pansi pa matiresi kuti muiona Lamulungu. Kuno ngakhale amene wachedwa ndi tsiku limodzi amawerengedwa kuti wapyola nthawi ya viza yake. Laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Malawi kapena ya ku Zambia imagwira miyezi 12 yokha chifikireni, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno monga amachitira ndi ya ku Zimbabwe kapena ya ku South Africa. Muyenera kulemba mayeso. Yambani mwezi wachitatu, chifukwa mzere wa mayeso oyendetsa ndi wautali.

Za bondo lija, samalani msana. Ntchito yonyamula anthu imadya msana pang'onopang'ono. Akati wodwala uyu anyamulidwe ndi anthu awiri kapena ndi makina, musadzionetse mphamvu za kumunda. Ine ndinadzionetsa, ndipo lero nyengo ikazizira ndimadziwiratu wailesi isananene.

Pa 10 Febuluwale 2008, masewero ake oyamba mu malaya a City, ku Old Trafford, tsiku lokumbukira zaka 50 chichitikire ngozi ya ndege ya ku Munich imene inapha osewera ena a Manchester United. Darius Vassell anachinya choyamba, ndipo nthawi yopuma itatsala pang'ono Martin Petrov anaponya mpira m'bokosi, Benjani n'kuupatutsira muukonde. City inapambana 2-1, koyamba kupambana pabwalo limenelo kuchokera mu 1974. Munthu amene anadikira masewero 14 ku Portsmouth, ku Manchester sanadikire ngakhale mphindi 45. Mpira ulibe chilungamo mbali zonse ziwiri. Miyezi itatu pambuyo pake anzake amene anawasiya ku Portsmouth ananyamula FA Cup ku Wembley atagonjetsa Cardiff 1-0 ndi chigoli cha Kanu, iye kulibe. Pa 1 Sepitembala chaka chomwecho mabwana a ku Abu Dhabi anagula City, tsiku lomwelo Robinho n'kufika, chaka chotsatira Tevez, Adebayor ndi Santa Cruz. Sven-Göran Eriksson amene anamugula anali atapita kale. Kuvulala kunamuchulukira. Anabwerekedwa ku Sunderland mu 2010, kenako anapita ku Blackburn, komwe mu Januwale 2011 anachinya ziwiri pa Liverpool, masewero amene anakhala otsiriza a Roy Hodgson monga kochi wa Liverpool. Moto unalipobe, koma nkhuni zinali zikutha.

Za timu ya dziko lake ndiye zimandikhudza mwamtundu wina. Ena kwathu amati anatikana posankha Zimbabwe. Ine ndili ndi ana awiri obadwira kuno, amene nsima amadya ndi foloko ndipo England ikamasewera amakuwa mpaka aneba kugogoda khoma, ndiye mlandu umenewo sindingauzenge. Anasewerera dziko limene linamulera, mpaka anakhala kaputeni wa Warriors pambuyo pa Peter Ndlovu. Pokonzekera chikho cha Africa cha 2006, thumba la bungwe la mpira kwawo litaperewera, iye anatulutsa ndalama zake kuti timu ikachite kampu ku France. Ku Egypt anagonja 2-0 kwa Senegal, 2-0 kwa Nigeria, n'kugonjetsa Ghana 2-1, Ghana yomwe inali paulendo wopita ku World Cup chaka chomwecho. Sanapitirire, koma anabwerako mitu ili m'mwamba.

Ife tonse tili ndi timu ya dziko yotidikira kumudzi: fizi ya mwana wa achemwali, feteleza wa mayi, malata a tchalitchi, maliro osatha. Ndipo n'zoona kuti tinabwerera zomwezo, tisanamizane. Koma Benjani analipira kampu ija atatha zaka zinayi akulandira malipiro a ku Ulaya. Inu mwatha miyezi itatu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, achibale anayamba kuwerengera mapaundi athu pa foni zawo n'kumaona mamiliyoni. Sawerengera lendi, council tax (msonkho wa kukhonsolo), magetsi ndi gasi wa m'nyengo yozizira, basi, ndi ndalama ya viza yotsatira imene muyenera kuyamba kusunga lero. Auzeni zoona. Ine ndinachita kuwawerengera mayi payslip yanga pa foni mzere ndi mzere, ndipo kuyambira tsiku limenelo iwo ndiwo anakhala mlonda wanga, akubweza opempha ndisanawamve n'komwe. Ikani ndalama imodzi yokhazikika pa mwezi, ipite kwa munthu mmodzi wodalirika. Musatenge ngongole ya katapila ya pa intaneti kuti mutumize kumudzi. Ndipo lekani kujambulitsa mutatsamira galimoto za eni n'kuika pa Facebook. Chithunzi chilichonse chotero chimabala mapempho khumi. Chimodzi chokha musachedwe nacho: lowani m'gulu la Amalawi la m'dera lanu losonkherana pa maliro. Kutumiza thupi kumudzi kumadya mapaundi masauzande angapo, ndipo ndatopa kuona mbale ikuzungulira pa WhatsApp chifukwa cha munthu amene sankabwera n'komwe kumisonkhano.

Mu Ogasiti 2011 Benjani anabwerera ku Portsmouth. Anapeza nyumba ina. Timu inali itatsika ligi, ngongole zili m'khosi, ndipo mu Febuluwale 2012 inalandidwa mapointi 10 chifukwa cha mavuto a zachuma n'kutsikanso. Nthawiyo ya tikiti ndinali nayo, ndipo ndinapita kukamuona. Masapota anamuimbira nyimbo yomwe ija, koma miyendo inali itasiya kumvera. Anakamalizira ku South Africa kumene ulendo wake wa kunja unayambira, ku Chippa United ndi ku Bidvest Wits, n'kupachika nsapato mu 2014. Mu 2022 anapatsidwa ukochi ku Ngezi Platinum Stars kwawo ku Zimbabwe, ndipo patangopita miyezi yochepa anamuchotsa. Kaputeni wa dziko, wochinya ku Old Trafford, kwawo komwe anamuyesa ndi zotsatira za Loweruka basi. Amene mukuganiza kuti mukadzabwerera kumudzi ndi masutikesi anthu adzakuyalirani zitenje, dzafunseni ife amene tinayesapo kutsegula bizinesi ku Lilongwe tili kuno. Ya ine inali minibasi. Ndisaiyambe, ingatichedwetse.

Mnyamata uja anandimvetsera mpaka tiyi wake anazizira. Kenako anawerenga ndi zala n'kunena kuti miyezi itatu ndi Maloweruka 13, ndiye kuti watsala ndi amodzi. Ndinamuuza kuti asandigwire pakamwa, ine changa chinabwera patatha zaka ziwiri, ndipo chinali kalata yondikweza kukhala woyang'anira shifiti ya usiku, palibe amene anandinyamula m'mwamba. Anaseka koyamba tsiku limenelo. Anapempha kuti ndimutule chifukwa 8 koloko amalowa ntchito ndipo mabasi a Lamulungu ndi osadalirika. Tili m'galimoto ndinamuuza kuti andionetse payslip yake pa foni. Amayendera odwala asanu ndi atatu pa tsiku m'makomo mwawo, ndipo maola onse a panjira sakuoneka paliponse. Ndamuuza kuti sabata ino alembe m'kabuku nthawi yotuluka ndi yofika pakhomo lililonse. Lachiwiri la sabata yamawa ali pa ofu, ndipo tikupita limodzi ku Citizens Advice, kabukuko kali m'manja.